Manja Amene Anthu Ankawathawa

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Nsanje likuwotcha ngati munalilakwira, Esinala anakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi siteji ya maminibasi, chipeso chili m'manja, mpando wopanda munthu. Linali sabata lachitatu zinthu zili chonchi. Mayi amene boma lonse linkamudziwa pa luso loluka tsitsi tsopano ankangopatsidwa moni chapatali.

Vuto linali manja. Khungu linkauma n'kumayabwa, iye n'kumakanda mpaka kung'ambika. Kumsika nkhani inawanda kuti ndi mphere. Nanga ndani angapereke mutu wake kwa munthu wa mphere?

Azakhali ake, amene anamulera, anagamula msanga.

"Mwanawe, uku n'kuchepa kwa kusamba. Madzi otentha, sopo wochapira zovala, ukhule ndi mwala mpaka zichoke."

Kwathu kuno tikamukonda munthu timamukhula ndithu. Esinala anamvera, katatu pa tsiku. Manja anatupa moti kumanga chitenje kunkamukanika, ndipo tsiku lina anangokhala pakhonde n'kulira.

M'mawa mwake anapita kuchipatala. Namwino wina, a Veronika, anawatembenuza manjawo osanyansidwa.

"Amayi, izi si mphere. Ndi ekizema, ndipo simungapatsire munthu. Khungu lanu likusowa mafuta, inu mukuchotsanso otsalawo ndi mwala."

"Ndiye ndisiye kusamba, kutentha konseku?"

"Sambani, koma madzi asatenthe, ndipo musachedwemo. Musanaumiretu, dzolani vaselini."

Anamupatsa mankhwala opaka pa masiku ovuta. Anamuuza kuti awenge zikhadabo, azivala magolovesi pogwira mankhwala owongolera tsitsi, ndipo kuyabwa kukalusa aziikapo kansalu konyowa m'malo mokanda.

Musaganize kuti zinali zophweka. Kudzola mafuta thukuta lili kamukamu si masewera, ndipo azakhali ankadandaulabe kuti mwala unalakwanji. Koma Esinala sanadumphitse tsiku. Patatha mwezi ndi theka ming'alu inatseka, panangotsala zipsera zakuda.

Manja anachira, koma mpando unali wopandabe munthu.

Kenaka kunabwera Flossy, mphunzitsi wa kupulayimale amene ankakwatiwa Loweruka la sabata lomwelo. Atangokhala pampando, mayi ake anatulukira ali wefuwefu.

"Iwe Flossy, dzuka! Ukufuna ukalowe m'tchalitchi ukukanda?"

Esinala mtima unamuwawa, koma sanabise manja. Anawatambasula.

"Mayi, gwirani. Zipserazi n'zanga ndekha, sizisamukira kwa munthu."

Mayiwo anazengereza. Anakhudza ndi chala chimodzi, kenaka n'kugwira dzanja lonse.

"Ii, koma ndi ofewa kuposa angawa! Luka, mwananga. Zikavuta ndikudziwa kwanu."

Loweruka amayi ambiri m'tchalitchi sanamve ulaliki. Maso onse anali pamutu pa mkwatibwi, kudikira kuti akande. Anadikira mapemphero onse, anadikira kumadyerero, anadikiranso sabata lathunthu. Flossy sanakande. Chomwe anaona ndi mizere yowongoka bwino, ndipo ena anayamba kufunsana monong'ona kuti kodi Esinala amayamba nthawi yanji.

Lero muyenera kulawirira kuti mupeze malo kwa iye. Sikuti nthendayi inatheratu ayi. Kukatentha kwambiri imabwerako, iye n'kuilandira ndi mafuta ake, masiku angapo yapita. Amagwira ntchito akuseka, ndipo akaona kasitomala akudzikanda m'khosi amamufunsa kaye kuti amasambira sopo wanji.

Inu amene mukubisa mikono m'malaya aatali kutentha kuli chonchi, lekani kudzilanga. Si uve, si tsoka. Pitani akakuoneni, chitani zomwe akuuzeni tsiku ndi tsiku ngakhale zikuchedwa, ndipo anthu akamakuthawani musataye mtima. Tambasulani manja anuwo, wina agwira.