Chitsekerero cha Botolo Chinali Nsanja

Alamu anga, amuna a mchemwali wanga, safuna kuti mnzawo atchuke ndi kanthu. Amagwira ntchito ya mu ofesi ku Cuamba, ndipo akabwera ku Mandimba amaponda ngati fumbi lathu likuwanyansa. Tsiku limenelo anafika ndi kompyuta m'chikwama, akuti akuyesa mapulogalamu atatu a chesi kuti aone imene imadziwa kuukira. Akuti akufuna masewera ovuta. Ndinadziwiratu kuti akufuna ine.

Chesi ndinaphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo, ndipo bolodi ndinabwera nalo pobwerera kwathu. Nsanja imodzi, kachidutswa ka pakona pa bolodi, inatayika m'njira, ndiye m'malo mwake timaika chitsekerero cha botolo. Aliyense wosewera pakhonde pa telala amadziwa zimenezo. Pabolodi lomweli ndinagonjetsa mphunzitsi wina wa ku Ngauma: ndinapereka mfumukazi dala, anthu akundiseka, kenaka mfumu yake inasowa kothawira. Masewerawo tinawaimitsa masiku atatu chifukwa cha maliro, ndipo masiku onsewo ndinkalima mutu uli pabolodi. Njinga yamoto ndilibe, nyumba ya malata ndilibe. Chimene anthu ankandidziwira ndi mfumukazi imeneyo basi.

"Alamu, tayalani mmene zinalili tsiku lija," anatero alamu angawo, amuna onse a pakhonde akumva.

Ndinayala tizidutswa pabolodi, iwo n'kukopera mu kompyuta. Pulogalamu yoyamba inakana kupereka mfumukazi. Yachiwiri inakana, yachitatunso.

"Mwaona? Unali mwayi chabe. Mphunzitsiyo ankasinza."

Ndinasuzumira pakompyutapo, ndipo ndinaona kuti pamalo pa chitsekerero aikapo kamsilikali.

"Chimenecho ndi nsanja, alamu. Sukulu yonse ija, kufunsa kokha kukukanikani?"

Telala anaseka mpaka anasiya kupalasa makina. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinkafuna alamuwo achite manyazi anthu akuona, moti amene anawakakamiza kuti akonze n'kuyesanso ndine ndemwe. Iwo anali atayamba kale kulongedza.

Anakonza. Ndisanakhale n'komwe pansi, yoyamba inali itapereka kale mfumukazi. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, imene iwo ankati ndi kachabechabe kophunzirira ana, nayonso sinachedwe. Masiku anga atatu aja, kagalasi ka kompyuta kanangophethira kamodzi.

"Ndiye kuti awa sangandithandize poyesera," anatero alamu akutseka kompyuta. "Ndi ophweka kwambiri. Mulibe ena ovutirako?"

Ndinalibe. Pakhonde panalibe woseka, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kusekedwa. Alamuwo ndimawapatsabe moni chifukwa cha mchemwali wanga, koma pakamwa pokha. Kale mlendo akafika, telala ankandikodola kuti ndiyale masewera a mfumukazi aja. Chichokere tsiku limenelo sanandikodolenso.