Anasimbi, Amene Ankasita Nsalu za Paguwa

Chaka chatha, sabata imene Ambuye Episkopi anabwera kudzadalitsa tchalitchi chathu chatsopano, wapampando wa parishi ino anawalakwira achemwali anga, amene nonse munkawatchula kuti Anasimbi. Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindikudziwa ngati adzasindikiza zonse, koma ndilemba.

Achemwaliwo anali oyamba kubadwa, ine chitsirizira. Mayi athu atamwalira, anasiya sukulu n'kuyamba kuchapa m'nyumba za anthu kuti ife tidye. Sanakwatiwe. Amuna ankabwera ndithu, iwo n'kumati, "Ndikapita, kamwana kamamina aka akasambitsa ndani?" Kamwanako ndinali ine.

Kuyambira utsikana mpaka imvi, ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa ndi mikanjo ya ansembe m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa tchalitchi. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sawerengera makwinya, koma ine ndimachita nawo manyazi."

Atakalamba, khutu lina linatseka, kamfuno kankabwera pafupipafupi, kenako panatuluka chotupa m'khosi. Kuchipatala chachikulu anati ndi khansa ya kuseri kwa mphuno. Anawaumbira chigoba cha pulasitiki chogwira nkhope kuti mutu usagwedezeke, makina n'kumawotcha khansayo tsiku ndi tsiku. Dokotala ananena ine ndili pomwepo: "Mayi, musadumphitse masiku. Matendawa mukawapatsa mpata ali pakati powotchedwa, amaphuka msanga kuposa poyamba."

M'kamwa munauma, kukhosi kunachita zilonda, koma sanadandaule. Ankati m'chigobamo ndi mwabwino, munthu amapemphera popanda womusokoneza. Chotupa chinayamba kuphwa.

Tili pakati pa chithandizo, wapampando anatulukira pa galimoto ya parishi kunyumba ya wachibale kumene tinkagona, pafupi ndi chipatala.

"Anasimbi, inu mwachiratu, taonani masaya! Atsikana aja apsereza nsalu ya paguwa. Ambuye afikire pa zimenezo? Masiku ochepa okha, ndidzakubwezani ndekha."

Ndinati, "A Tcheya, dokotala anakaniza."

"Inu achimwene, udokotala munauyamba liti? Kutchalitchi timakuonani pamaliro pokha."

Achemwali anandigwira dzanja. "Usakangane nawo, mwana wa mayi anga. Wondiitana si iwowa."

Anapita. Anasita ataimirira, botolo la madzi pambali lonyowetsera kukhosi. Mwambo unayenda bwino, aliyense anayamikira kuyera kwa guwa.

Utatha, galimoto inkabweza mipando yobwereka. Kenako akuti yapita ndi alendo. Kenako akuti yafa. Achemwali sakanatha kukwera basi, mphamvu zinali zitathera pa simbi. Ndikati ndikachite phokoso ku ofesi, iwo ankati, "Asiye, atanganidwa." Masiku anasanduka masabata, mpaka mnansi wina woyendetsa lole anatimvera chisoni.

Titafika kuchipatala, chigoba chija sichinawakwanenso. Nkhope inali itaonda, khosi litatupanso. Anayenera kuyezedwa mwatsopano, kuumbiridwa china, ndi kudikira pamzere kumbuyo kwa odwala ena. Chithandizo anamaliza, koma dokotala potsazikana nafe anayang'ana pansi. Patapita miyezi, matenda anali atalowa m'mafupa.

Achemwali sanatchulepo dzina la munthu wowalakwira ngakhale kamodzi. Amayi a mpingo akabwera kudzawaona, ankawaphunzitsa ndi mawu a manong'onong'o kuti nsalu aziisita isanaumitsitse. Anamwalira m'mawa wina dzuwa litatuluka, atalandira mafuta oyera, kolona ili m'manja, ngati munthu amene wamaliza ntchito n'kukhala pansi. Atisiyira chitsanzo cha munthu amene akaitanidwa ku nyumba ya Mulungu sankafunsa kuti wamuitana ndani.

Pamaliro wapampando ndi amene analankhula m'malo mwa mpingo. Anati malemuwa anali omvera. Mpaka lero sanapondeko pakhomo panga, ndipo mwezi watha mwamusankhanso.