Kapepala kachikasu ka Amayi Sakala

Amayi Edita Sakala akhala akulemba alimi a nshawa ku Chipangali kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, ndikuyang'anira depoti ya mbewu ya bungwe lathu. Iwo amalemba mayina, ine ndimapereka matumba. Ndi mayi wamfupi, woyenda mwandawala, wosakonda kubwereza mawu. Anayamba ntchitoyi ndi njinga yakapalasa ndi kope lachikuto cholimba. Mukawatchulira mudzi, amakuuzani munda uli pati, ndi wa yani, ndiponso amene anakanganirana malire ake chaka chatha.

Makompyuta atabwera sanawakane ayi. Amene awazunguza mutu ndi anthu opanga mapulogalamu.

Oyamba anachokera ku Lusaka. Anagona masiku awiri ku Chipata, nafunsa mabwana mafunso, koma ku Chipangali sanapondeko. Analemba chibuku chonenepa chofotokoza zonse zimene pulogalamuyo idzachite, mabwana anasaina, anthu aja n'kusowa miyezi khumi ndi inayi. Atabwera nayo yothaitha, tinapeza kuti pa munda uliwonse ikufuna dzina la mwamuna ndi reji yake, chiphaso cha boma chija. Kwathu kuno m'midzi yambiri munda ndi wa mkazi ndi abale ake, mwamuna ndi mkamwini, anangobwera kudzakwatira. Ngakhale mwana wa giredi yoyamba amadziwa zimenezi, koma chibuku chija sichinkadziwa. Amayi Sakala atadandaula, anawayankha kuti zosainidwa sizisinthidwa. Anabwerera ku kope lawo, ndipo pulogalamuyo inafera m'kabati.

Chaka chatha bungwe linalemba ntchito a Andireya Daka, bambo wa ku Chipata komweko, wokhala ndi kaofesi kake pamwamba pa sitolo ya nsalu. Iwo anabwera ndi njira ina. Anati sadzalemba chibuku. Adzapanga kachidutswa kakang'ono, ife tikayese kumudzi, tiwauze cholakwika, iwo akonze, ndipo pakatha masabata awiri aliwonse tizilandira chatsopano pa foni. Tsiku loyamba lomwelo Amayi Sakala anawauza za akamwini. Pofika Lachisanu, munda unkalowa m'dzina la mkazi. Ndinawaona mayiwo akuseka mpaka kugwira chitseko.

"Koma awa ndiye anthu," anatero. "Amamva."

Ndipo zoonadi ankamva. Chilichonse chimene tanena, a Andireya ankachilemba pa kapepala kachikasu n'kukamata pakhoma la ofesi yawo. Vuto linali posankha. Masabata awiri akatha, bwana wathu wamkulu, a Mwanza, ndiwo ankaloza timapepala toyamba kukonzedwa, totsalato tidikire ulendo wina.

Mu Ogasiti Amayi Sakala anaona chinthu. Amayi ambiri alibe foni, choncho amalembetsa nambala ya amuna awo. Meseji yotengera mbewu ku depoti imapita ku nambala imeneyo, ndipo ikalowa mu pulogalamu panalibe posinthira.

"Mabanja amatha, a Daka," anawauza. "Mkamwini akamabwerera kwawo sasiya foni pa nsanamira."

"Ndamva, amayi. Ndi kantchito ka masiku atatu. Tikaika pakhoma."

Kanaikidwadi pakhoma. Ulendo woyamba a Mwanza anasankha mapu oonetsa midzi ndi timadontho tobiriwira, chifukwa kunali kubwera alendo. Ulendo wachiwiri anafuna zithunzi za alimi. Wachitatu anati mtundu wa mabatani sukugwirizana ndi chizindikiro cha bungwe. Mabatani! Amayi Sakala ankakwera minibasi masabata awiri aliwonse, kusiya alimi akudikira pansi pa mtengo, kuti akakumbutse za kapepala kamodzi. Ankabwerako ndi mawu omwewo, akuti ulendo wotsatira. Kumudzi nakonso ankatopa, pakuti akangozolowera pamene pali batani, m'mawa ankapeza lasamuka. Okutobala anatha, kunja kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana.

Mwa alimi awo munali a Lena Mbewe, mayi wa ana anayi, wokhala ndi munda wa malima awiri, theka la hekitala, umene anawasiyira amayi awo. Banja lawo linatha mu Seputembala, mwamuna n'kubwerera kwawo ndi foni m'thumba. A Lena anakonza okha mundawo, mizere yonse, akudalira mbewu ya bungwe, poti nshawa zawo za chaka chatha zinathera m'kamwa mwa ana.

Apa ndiye pamene ndikulowapo ine, ndipo mtima umandiwawabe. Tsiku lina m'mawa mu Novembala, pamzere panali anthu oposa zana. Kunafika bambo wina ndi meseji pa foni. Ndinalowetsa nambala, kompyuta inavomera, ndinamupatsa matumba awiri, anamanga pa njinga n'kumapita. Nkhope yake sindinkaidziwa. Amayi Sakala akanakhalapo akanamuzindikira ali patali, koma tsiku limenelo anali ku Chipata, kukakumbutsa za kapepala kaja.

Patapita masiku awiri a Lena anafika wapansi, chitenje chonyamulira chili m'manja. Kompyuta inati atenga kale. Ndinayesa kachiwiri, ngati kuti makina angachite manyazi. Ndinayang'ana m'depoti, munali mutatsala zingwe ndi fumbi. Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye ndikabzale chiyani, achimwene?" Mvula yobzalira inagwa sabata yomweyo.

Amayi Sakala anapitanso ku Chipata, ine ndili nawo. Analowa mu ofesi osagogoda, anamatula kapepala kaja pakhoma, kataderako ndi dzuwa, n'kukaika pa tebulo.

"Miyezi itatu, a Daka."

A Andireya anagwira mutu. "Pepani, amayi. Sindine wosankha. Koma njira yathuyi ubwino wake ndi womwewu, tikalakwa timaphunzira msanga, n'kukonza ulendo wotsatira."

"Ulendo wotsatira wa chiyani? Mvula imabwera masabata awiri aliwonse? Inu mukalakwitsa mumakonza Lachisanu. Mlimi akalakwitsidwa mu Novembala amakonza Novembala wina, ngati akadali moyo. Aja a ku Lusaka anali ogontha, ndinawadziwa, ndinasunga kope langa. Inu munandimva bwinobwino, ndinakukhulupirirani, kope ndinalisiya kunyumba."

Kunena zoona, pulogalamu ya a Andireya ndi yabwino kuposa ya chibuku ija, ndipo timaigwiritsabe ntchito. N'chifukwa chake nkhaniyi imandipsetsa mtima kwambiri. Chida chokonzera chinalipo, nthawi inalipo, wodziwa vuto analipo ndipo analankhula. Koma wosankha timapepala anali munthu amene sanagwirepo khasu chichokereni kusukulu.

Batani losinthira nambala linafika mu Januwale. Linatenga masiku atatu, monga ananenera. A Mwanza anati tikaliyese pa mlimi weniweni, ndipo ndani wina woposa a Lena? Ndinawakweza Amayi Sakala pa njinga yamoto, tinapita.

Sitinawapeze kunyumba. Anali pa ganyu, akupalira nshawa za eni ake tsidya la dambo. Anabwera akupukuta manja, anatipatsa moni, anakhala pansi. Amayi Sakala anafufuta nambala ya mwamuna uja, analemba ya mng'ono wawo wa a Lena, ndipo foni inavomera nthawi yomweyo, popanda vuto lililonse. Kenako pulogalamu inafunsa ngati kukula kwa munda kuli chimodzimodzi.

"Malima awiri, eti?" anatero Amayi Sakala, chala chili kale pa batani.

"Iyayi, lembani imodzi," a Lena anayankha. "Amalume ataona kuti mizere yangokhala, udzu ukumera, anati munda sungagone chaka chonse. Theka anapatsa msuweni wanga. Wabzalamo kale chimanga."

"Adzakubwezerani akakolola?"

"Wayamba kuumba njerwa chakumtunda."

Amayi Sakala anafufuta 2, analemba 1, ndipo foni inavomeranso.