Ababa anga ndi mkamwini wa m'buku

Ndili Folomu 3 pa sekondale yoyendera ku Balaka, phunziro la kakhalidwe ka anthu, lomwe tinkangoti Sosho, linandilowa m'mutu moti kunyumba ndinayamba kutopetsa anthu. Chilichonse ndinkachipatsa dzina la m'buku. Amayi akakangana ndi anzawo pamjigo, ine ndinkati umenewo ndi mkangano wolimbirana zinthu zochepa. Iwo ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga dzina lakolo litunga madzi?"

Aphunzitsi athu anali mayi a kumpoto, kumene mwamuna amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Zathu za chikamwini, zoti mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ankazifotokoza mosamala ngati anyamula mazira a eni. Ine ndinkakondwa kwambiri kuona kuti zimene timachita kwathu kwa Nsamala zinalembedwa m'buku, ndipo zimabwera pa mayeso.

Tsiku lina anatipatsa kafukufuku: aliyense asankhe banja limodzi, akalifunse mafunso asanu. Chifukwa cha ulesi ndinasankha lathu.

Loweruka masana ndinawapeza ababa pakhonde akumata chubu cha njinga ya wakabaza, poti ntchito yawo inali yokonza njinga. Kwawo kunali ku Ntaja, ndipo anabwera m'mudzi mwa amayi ine ndisanabadwe. Pampando panali amalume, achimwene awo a amayi, amene pa mwambo wathu ndiwo eni mbumba. Awiriwa ankagwirizana, ndipo tsikulo ankaseka za mbuzi yomwe inadya sopo.

Mafunso awiri oyamba anayenda bwino. Kenako ndinawerenga lachitatu: "Wolamula pa banja lino ndani?"

Kuseka kuja kunathera pomwepo, ababa n'kungopitiriza kumata chubu. Munthu wanzeru akanadumpha funsolo, koma ine ndinaganiza kuti sanamvetse, ndiye ndinawathandiza. Ndinatsegula kope n'kuwerenga mokweza kuti mkamwini alibe mphamvu pa munda kapena pa ana, ndipo banja likatha amangopinda bulangeti lake n'kubwerera kwawo.

Amalume anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana zala za kumapazi. Zimenezi aliyense m'mudzi amazidziwa, koma palibe amazinena pamaso pa mkamwini, makamaka mwana wake.

"Lemba amalume ako," anatero ababa osadzutsa mutu. "Buku silinama."

Anamiza chubu m'beseni n'kumafufuza pomwe pankatuluka mphepo. Apo m'pamene ndinazindikira chomwe ndachita, ndipo manyazi anandigwira. Bambo amene anaumba yekha njerwa za nyumba yathu ndinali nditamuuza kuti ndi mlendo. Lamulungu lonse ndinkangowazemba, ndili ndi mantha kuti mwina mumtima ayamba kuganiza za ku Ntaja.

Lolemba m'mawa ananditenga pa njinga kupita kusukulu monga mwa masiku onse. Kupepesa kwa munthu amene wakufulatira n'kosavuta, choncho titadutsa njanji ndinalimba mtima.

"Ababa, pepani. Zija ndinangowerenga."

"Iyayi, unawerenga bwino. Aphunzitsi akakupatsa malikisi angati?"

"Sindikudziwa. Koma inu simunakhumudwe?"

Anapitiriza kupalasa, ine ndikungoona thukuta likutulukira pa malaya awo.

"Pang'ono," anatero. "Koma tamvera. Munda wanga wa ku Ntaja ndinaupereka kwa mwana wa mchemwali wanga chaka chomwe unayamba sukulu. Kumeneko ndilibe pobwerera, ndipo sindipafuna. Amalume ako alamule za minda ndi za maukwati, ndi udindo wawo. Koma kukupalasa m'mawa uliwonse chonchi, palibe anandilamula."

Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinasangalala kwambiri. Ndinangotsamira kumsana kwawo ngati mwana wa Sitandade 1.

"Gwira zolimba," anatero ababa. "Kutsogoloku kuli mchenga."