Kagalasi Kamene Kanakana Kutuwa

Ku labu ya chipatala ankamutcha Anautoto, ndipo dzinalo linkamukhala. Ntchito yake inali yodula tinyama tochokera m'mawere a odwala, topyapyala kuposa khungu la anyezi, n'kutimata pa timagalasi ndi kutithira utoto.

Pakamwa pa mayiyu panalibe chitseko. Za kuntchito ankazikhuthulira mng'ono wake, amene anamulera yekha makolo awo atamwalira.

"Selo iliyonse, kanjerwa kosaoneka ndi maso komangira thupi lathuli, imavala timaunyolo ta shuga pakhungu pake," ankatero, "osati shuga wothira mu tiyiyu ayi. Khansa ikamakula, timaunyoloto timasintha, tina kuduka, tina kuchita nthambi. Zikatero selo imataya anzake n'kuyamba kuyendayenda m'thupi, asilikali a m'magazi osaizindikira. Utoto wanga umakakamira pa timaunyolo tosinthato. Kagalasi kakatuwa, thokoza Mulungu. Kakada, yapita patali, ndipo ngakhale utatsuka bwanji, sikamva madzi."

"Achemwali, inu mudzatidwalitsa ndi nkhani zokha," mng'onoyo ankaseka, uku akusita zovala.

Paja tsoka sasimba, limangofika. Mng'onoyo anapeza chotupa m'bere lakumanzere, mwana wake asanayambe n'kukwawa komwe. Kanyama kake kanafika patebulo la Anautoto. Mnzake wa pantchito anati amugwirireko, koma iye anakana: mwana wolera ndekha, ndipatse wina?

Anathira utoto, nadikira. Kagalasi kanada bii, ngati tiyi woiwalika pamoto. Lamulo la ntchitoyo n'kutsukuluza pang'ono basi, koma iye anavula magolovesi, naima pampopi, kutsuka, kutsukanso, ngati akuchapa kolala ya malaya. Munthu wokalambira pantchito, abale inu! Anali ndi mantha, mantha enieni. Utoto sunasunthe.

Anaweruka pomwepo, dzuwa likadali pamutu. Analowa m'nyumba ali duu, zimene zinali zisanachitikepo. Anapeza mng'ono wake ali pampando, mwana ali pamiyendo.

"Achemwali, katuwa?"

"Adzakuuza ndi dokotala. Ine ndimangopaka utoto."

"Ndafunsa inu."

"Katuwako," anatero Anautoto, maso ali pakhoma.

Mng'onoyo anagwira dzanja la mkulu wake, nalitembenuza. Zala zinali zikadali ndi makwinya a madzi. Anaziyang'ana kwa nthawi yaitali osalira. Kenako ananyamula mwana uja, namuika m'manja omwewo.

"Yambani kuzolowerana," anatero. "Koma muziyamba mwaotha moto. Sakonda manja ozizira."