Zikhomo Khumi ndi Zinayi za a Telala

A Telala anasiya kusoka chaka chimene bowo la singano linayamba kuwathawa. Ankati akaloza ulusi apa, bowo lili apo. Anagula magalasi, koma magalasiwo anangowathandiza kuona bwinobwino kuti akuphonya. Zaka makumi atatu anakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, mumsewu wotsikira kudoko, akupalasa makina, ndipo m'tauni monse munalibe mimba ya bwana imene iwo sankaidziwa kukula kwake. Makina anagulitsa, tepi anasunga, dzina lija linawakanirira.

Ntchito yachiwiri inawapeza yokha. Apulofesa ena a ku yunivesite, amene kale ankabwera kudzakulitsa mathalauza, ankafuna munthu wodziwa kuwerenga tepi komanso wosaopa dzuwa. Kunja kwa tauniyo, kumene nyanja yamchere imagundana ndi mtunda, kuli zitunda za mchenga zazitali kuposa nyumba, zomera udzu wobaya pamwamba. Apulofesawo anakhoma zikhomo zamatabwa khumi ndi zinayi pamwamba pa zitundazo, chilichonse ndi nambala yake ya penti yofiira. Ntchito ya a Telala inali yoti pakatha milungu iwiri iliyonse azikoka tepi kuchokera pachikhomo kukafika pamphepete pomwe mchenga umagumukira kunyanja, n'kulemba mamitawo m'kope. Apulofesa anafotokoza zonsezi injini ya galimoto ikulira, ndipo mawu otsiriza anachita kuwaponyera pawindo: zikhomo zimenezi zisasowe.

Sizinasowe. Kumagombe ena kumene Apulofesa anali ndi anthu awo, chaka chilichonse namondwe akadutsa kunkabwera madandaulo, ati chikhomo chakuti chamezedwa, chakuti sitikuchiona. Kwa a Telala zaka zisanu ndi chimodzi zinatha zikhomo zonse zili chilili, penti yake yonyezimira. Njira yawo inali yapafupi. Nyanja ikadya mchenga mpaka kutsala mapazi awiri kuti chikhomo chigwe, iwo ankachigwedeza, kuchizula, kubwerera nacho m'mbuyo kufikira pamene nthaka yalimba, n'kuchikhomanso ndi nyundo imene ankayenda nayo m'chikwama. Akatero ankakoka tepi ndi kulemba zimene tepi yanena, osawonjezera ngakhale chala chimodzi, pakuti bodza la muyeso ankadana nalo kuyambira ali mnyamata. Kwa iwo panalibe chachilendo. Kasitomala akanenepa sutaya jekete, umasuntha batani. Ndipo sanamvepo za telala amene amalemba kalata yodziwitsa mwini jekete kuti batani lasuntha.

Ankapita kugombeko atavala shati yosita, tepi yaing'ono ya nsalu ili m'khosi ngati kale, tepi yaikulu ya mamita makumi asanu ili m'manja. Akazi awo ankauza anansi kuti abambo apita kukayeza m'chiuno mwa nyanja, diresi lake asoka chaka chamawa. Munthu amene ankakhala kale pakhonde n'kumapatsidwa moni ndi msewu wonse, akakalamba safuna zambiri, amangofuna malo oti azipitako m'mawa atapesa tsitsi.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera Dokotala. Anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, wowonda, woyenda ngati wachedwa basi. Udokotala wake sunali wa jakisoni. Ukamuuza kuti mutu ukupweteka, ankakuuza kuti nayenso ukumupweteka. Anali dokotala wa mchenga. Ku yunivesiteko anthu akamaliza sukulu yonse mpaka kusowa kalasi yolowa, amawapatsanso zaka ziwiri kuti aonetse ngati maphunzirowo analowadi, ndipo zaka ziwirizo zikatha popanda chooneka, amanyamula chikwama. Iye anapatsidwa ntchito yomanga gombe m'kompyuta. Ankalithira mphepo, mafunde, ndi madzi a nyanja amene akuti akukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, kuti kompyutayo inene kumene gombe lidzakhale adzukulu athu akadzamera imvi. Koma kuti anthu aikhulupirire pa za m'tsogolo, inayenera kuyamba yalondola za m'mbuyo, ndipo za m'mbuyozo zinali m'makope a a Telala.

Tsiku lina anawaitanira ku ofesi. Kanali kachipinda ka pansanja yachitatu, ka windo limodzi, makompyuta awiri, mapu kukhoma, ndi makapu a tiyi amene ankadikira munthu wachifundo. Anawachotsera mabuku pampando, anawatsukira kapu imodzi, ndipo anayamba kufotokoza mothamanga. Anati poyamba kompyuta yake inkanena kuti gombe labwerera kumtunda mamita oposa makumi awiri, koma makope ankakana. Anawaonetsa mzere wa manambala awo, wokwera ndi kutsika ngati mano a sowo: mchenga ukupita, ukupita, kenaka mwadzidzidzi wabwerera wonse. Miyezi inayi anakhala akukonza kompyutayo, kuinyengerera, mpaka inavomera kuti mchenga umabwereradi. Tsopano ankafuna kulemba pepala loti anthu ophunzira a maiko ena adziwe za gombe lodzichiritsa lokha, ndipo dzina la a Telala lidzakhala m'munsi mwake.

A Telala anakondwera. Pofuna kuonetsa kuti nawonso akutsatira, anafunsa kuti kodi munthu ali pansanja pano amadziwa bwanji kuti mchenga wabwerera.

"Chifukwa chikhomo sichiyenda, bambo," anatero Dokotala akuseka. "Pagombe paja chilichonse chimayenda, madzi, mchenga, ngakhale udzu. Chikhomo chokha ndiye ayi. Ntchito yanga yonse yatsamira pamenepo."

A Telala anamaliza tiyi wawo, anathokoza, anatsika masitepe onse atagwira khoma.

Kunyumba anapeza akazi awo akuchotsa zovala pachingwe, ndipo anawafotokozera ataima pomwepo. Mayiwo anamvetsera thaulo lili paphewa.

"Ndiye mukanene kuti akuchotseni? Ndi maso anuwo mudzalowera kuti? Muzidzangokhala pano n'kumandiyeza ine?"

Anawauza kuti atseke pakamwa, matabwa salankhula. Koma popinda nsalu yachitatu anayambanso kunena kuti mwana wa eni ake uja akumvetsa chisoni, akakaima pamaso pa anthu ndi nkhani yabodza adzachita manyazi a moyo wonse, ndipo munthu wamkulu sangaonerere zotere. Mayiwa ankapereka malangizo awiriawiri nthawi zonse, kuti zikavuta adzathe kunena kuti ndinakuuzani.

Masiku khumi a Telala anayenda nayo nkhaniyo. Ankadziuza kuti iwo sananame, tepi ndi mboni. Ankadziuzanso kuti wolakwa ndi Apulofesa, munthu wophunzira wolangiza anthu pawindo la galimoto. Zonsezi zinali zoona, koma sizinkawapatsa mtendere. Ankadziwa kuti akangoyankhula, kope ndi tepi adzalandidwa, ndipo ntchito yachitatu siipeza munthu wa zaka zawo.

Tsiku loyeza litafika, Dokotala anati apita nawo kuti akajambule zithunzi za pepala lija. Anavala chipewa chachikulu ndi nsapato zatsopano zimene zinadzaza mchenga asanafike pachikhomo chachiwiri. Iye ankagwira nsonga ya tepi, a Telala ankawerenga. Pachikhomo chachisanu ndi chiwiri anapeza nyanja itadya usiku wa dzana, chikhomo chitapendekeka, kutsogolo kwake kutatsala mchenga wosakwana phazi. Dzanja la a Telala linalowa lokha m'chikwama ndipo linagwira nyundo. Dokotala anali akujambula, akunena kuti akufuna adzabwerenso pakatha milungu iwiri adzaone ndi maso ake mchenga utabwerera.

"A Dokotala," anatero a Telala, "mchengawo subwerera. Amene amabwerera ndine."

Anatulutsa nyundo n'kuionetsa, monga momwe mwana amaonetsera chimene waba. Kenaka anafotokoza zonse, za kugwedeza, za kuzula, za nthaka yolimba. Za batani anayamba kuzinena koma anaona nkhope ya mtsikanayo n'kuzisiyira panjira.

Dokotala anakhala pansi pamchenga. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Kenaka anafunsa kuti kangati.

"Chimenechi chokha, kasanu."

"Zinazo?"

"Chachitatu sindinachikhudzepo. Chimenecho n'chaulemu."

Mtsikanayo anatulutsa mawu ena amene sanali kuseka komanso sanali kulira. Anawauza kuti chikhomo chopendekekacho asachigwire, ndipo anabwerera kugalimoto.

Apulofesa atamva anakalipa pafoni mpaka mlembi wa chipinda choyandikana anatseka chitseko. Anati munthuyo achoke lero lomwe. Dokotala anawasiya amalize, kenaka anawafunsa kuti kodi tsiku loyamba lija anawauza chiyani kwenikweni a Telala za zikhomo. Apulofesa anati zaka zapita zambiri, sangakumbukire mawu aliwonse. Iye anawauza kuti mkwiyo wake ndi woposa wawo, popeza miyezi inayi yotayikayo ndi yake, koma padziko lonse pali mutu umodzi wokha umene ukudziwa pamene zikhomozo zinkaima, ndipo mutu umenewo sangaulole kupita kunyumba.

Milungu itatu a Telala anakwera masitepe aja m'mawa uliwonse. Tiyi panalibe. Dokotala ankatsegula kope, kuloza pamene manambala alumpha, n'kufunsa kuti apa munabwerera mapazi angati. Munthu amene ankasunga m'mutu miyeso ya tauni yonse sanavutike kwambiri. Ankatseka maso n'kunena kuti apo ndi mwezi umene mlamu wawo anathyoka mwendo, anabwerera mapazi khumi ndi awiri chifukwa pakati panali dzenje. Iye ankawayendetsa pakhonde la ofesi kuti ayeze phazi lawo, n'kufananiza zonsezo ndi zithunzi zakale zojambulidwa m'mwamba. Zikhomo zisanu ndi zinayi zinalongosoka. Zisanu zinakanika, ndipo manambala ake a zaka zonsezo anawadula ndi mzere wofiira a Telala akuona. Zitawerengedwa bwino, zinapezeka kuti gombe linabwerera kumtunda mamita makumi awiri ndi atatu. Kompyuta ija, isananyengereredwe, inkanena makumi awiri ndi imodzi. Dokotala anayang'ana manambala awiriwo, kenaka anayamba kumasula zonse zimene anakonza pa miyezi inayi ija. Pepala la gombe lodzichiritsa silinalembedwe.

Ntchito sanachotsedwe, koma inabwera ndi malamulo, ndipo ulendo uno analembedwa papepala. Amisiri anakhoma zikhomo zatsopano zachitsulo m'simenti, kutali kumbuyo kwa zitunda. Zamatabwa zija anati zikhale pomwe zili mpaka nyanja itazifuna. Nyundo inatsala mu ofesi, m'kabati ya Dokotala. Akazi awo atamva zonsezi anati ndinakuuzani.

Chikhomo chachisanu ndi chiwiri chinalimba milungu isanu chili chipendekekere. Lachiwiri lina m'mawa a Telala anachipeza chikulendewera, theka lake lili pamphepo, mafunde akukumba pansi pake. Akanatambasula dzanja akanachigwira. Anaika manja onse m'matumba, naima poteropo mphepo ikuwomba shati yawo. Mchenga unang'ambika mwakachetechete, chikhomo chinatsetsereka, funde linachitembenuza kawiri nambala yofiira ikuoneka, kenaka linapita nacho. Anayang'ana wotchi, anatsegula kope, analemba tsiku ndi nthawi, ndi mawu oti chapita ndi madzi. Anawerenganso zimene alembazo kuti aone ngati Dokotala adzatha kuzimva, kenaka ananyamula tepi n'kulunjika kuchikhomo chachisanu ndi chitatu.