Mnzawo wa Agogo Wobwereketsa Marima

Fungo la oyilo wopsa likandipeza paliponse, ngakhale pagalaja pomwe ndangopita kukasinthitsa matayala, mtima wanga umabwerera ku Welshpool, m'kawekishopu kamalata komwe agogo anga aamuna, a Chimwala, ankakonza mfuti. Ndimamvanso kulira kwa makina osemera zitsulo, ndimaona kautsi kopyapyala kakukwera pamene chitsulo chikudya chinzake, ndi tizinyenyeswa tonyezimira tikugwera pa nsapato zawo zopolishidwa. Kenako mkwiyo umandiyambiranso. Zaka zapita zambiri, koma mkwiyo umenewu wakana kuzizira.

Tinkakhala kudziko la eni, kutsidya kwa nyanja, ku Maddington. Bambo anali a kumigodi, ankakhalitsa kumpoto kuposa kunyumba, ndipo mayi ankagwira ntchito kuchipatala ku Nedlands mpaka madzulo. Ndiye ine ndikaweruka kusukulu ndinkakwera basi n'kukadikira kwa agogo. Kwathu ku Kasungu iwo ndi amene ankakonza mfuti za alonda a nyama zakutchire. Atatitsatira kuno anatha miyezi akungoyang'ana mpanda, akuwonda ngati akudwala, mpaka mzungu wina wokalamba, a Len, yemwe anali ndi laisensi yokonza mfuti za alimi ndi alenje, atawalemba ntchito. Ntchito imeneyo inawawongola msana. Ankasita ovololo ngati suti ya ku ukwati, ndipo kutchalitchi akafunsidwa kuti ali bwanji ankayankha kuti, "Tatopa ndi ntchito," nkhope ili mwee.

Ine sindinkaloledwa kudutsa mzere wachikasu womwe unalembedwa pansi. Malo anga anali muofesi, pambali pa foni, ndipo foni imeneyo ndi imene inandionetsa zakuda.

Paipi ya mfuti ikatha amaikapo yatsopano, ndipo kumbuyo kwake amasemako kachipinda komwe chipolopolo chimagonamo. Kachitsulo kosemerako amakatcha rima. Mtundu uliwonse wa chipolopolo uli ndi rima yakeyake, ndipo kugula onse n'kutaya ndalama chifukwa ina umaifuna kamodzi pachaka. Choncho ankachita lendi kwa munthu wina wa kum'mawa, kutsidya kwa chipululu, dzina lake Gary, yemwe ankatumiza marimawo pa positi. A Len anali atayambana naye kalekale, sankafuna n'kumva mawu ake omwe. Agogo nawo makutu anali atawonongeka ndi kulira kwa mfuti, pa foni sankamva bwino. Pakamwa pawo ndinali ine, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi.

Gary anali ndi bodza lankunkhuniza. Akati "ndatumiza dzulo," udziwe kuti rimayo ili kwa munthu wina ndipo sinabwerere n'komwe. Akati "ili m'njira," udziwe kuti akufunafuna bokosi. Nthawi ina anatumiza ya mtundu wolakwika, nthawi ina yakuda bii, itamatirira zinyenyeswa za amene anaigwiritsa ntchito tisanailandire ife. Ndipo chilichonse ankachitseka ndi mawu ake aja akuti "no worries," palibe chodandaulitsa, ngati kuti amene anayenera kusiya kudandaula anali iyeyo.

Koma agogo ankamutcha "mnzanga wa kum'mawa." Munthu woti sanamuonepo!

"Tadala, uyambe ndi moni," ankatero ataima pambali panga, akupukuta m'manja ndi kansanza. "Umufunse kuti akazi ake adzuka bwanji."

"Agogo, iyi ndi bizinesi. Sitifunsa za akazi."

"Funsa iwe. Ana ali bwanji? Mvula yagwa kumeneko?"

Ndinkafunsa, manyazi atandigwira mpaka m'makutu, Gary n'kumangoti eee, eee, uku ndikumumva akutafuna chakudya. Tikafika pa nkhani ya rima yochedwa, agogo ankati ndinene kuti, "Mwina positi yatichimwira." Ankachita kumupatsa okha bodza loti anene, iye n'kulilandira ndi manja awiri.

Pobweza rima ndiye panali mwambo. Ankaitsuka mano onse ndi kaburashi, n'kuipaka oyilo, n'kuikulunga m'kansalu, ndipo m'bokosimo ankaikamo kajumbo ka mtedza wokazinga okha Loweruka. Ndinawauza kuti munthuyo sakutikomera mtima, tikumulipira. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ndalama ndi ya chitsulo, ulemu ndi wa munthu. Mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu. Kodi mayi ako sakuphunzitsa?"

Chaka chomwe zinthu zinaipa, inali nyengo yozizira, mvula ikuwomba malata moti kulankhula kunali kochita kukuwa. Kunabwera mayi wina wochokera kuminda ya tirigu, woweta nkhosa, nsapato zili matope okhaokha. Nkhosa zake zinali zitayamba kuswa, ndipo nkhandwe zinkamutolera tiana usiku uliwonse. Mfuti yake paipi inali itatha, ikaloza uku chipolopolo chikupita uko. Paipi yatsopano anabwera nayo yekha. Chimene chinkafunika chinali rima basi.

A Len anali atatopa kale. Makasitomala awiri anali atawathawa chaka chomwecho chifukwa chodikiritsidwa, ndipo ndinawamva ndi makutu angawa akuuza agogo kuti ntchito iyi ikalephereka atseka mbali ya mfuti n'kutsala ndi zowotcherera mageti, zomwe ankatha kuchita okha. Anali atapezanso munthu wina wobwereketsa marima, yemwe rima ya mtundu umenewo anali nayo pashelefu tsiku lomwelo.

Agogo anakana. Anati mnzawo walonjeza kale, ndipo kupita kwa wina mnzako atalonjeza n'kumuchotsa ulemu.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero m'Chichewa, n'kundikodola kuti ndimasulire.

Ndinamasulira, koma ndinawonjezera ndemanga yanga pamaso pawo pomwepo, kuti phanga lathulo ndi lodontha kale. Agogo anandiuza kuti mwana wamkazi sakhala ndi pakamwa ngati chitseko cha basi. A Len anangokweza manja n'kunena kuti ntchito ndi ya agogo, asankhe okha.

Tinadikira. Tsiku lililonse ndinkaimba, tsiku lililonse ndinkafunsa za akazi a Gary, omwe sindikudziwa ngati analipodi. Mayi wa nkhosa uja naye ankaimba, mawu ake akunka nauma, akutiuza za tiana tomwe wapeza titang'ambidwa m'mawa umenewo. Ine ndinali pakati, khutu ili kumva bodza, khutu ili kumva madandaulo, homuweki ili pamiyendo yosalembedwa.

Bokosi linafika sabata yachitatu. Agogo analitsegula akumwetulira, akundiyang'ana ndi diso lakuti waona. Anatulutsa rima, n'kuyendetsa chikhadabo pa mano ake, ndipo kumwetulira kuja kunazima. Dzino limodzi linali lobenthuka, ndipo munthu wina anali atayesa kubisa pobenthukapo poisalaza ndi mwala wonolera.

A Len anaiyang'ana pa galasi n'kunena kuti mwina ikhoza kudutsa, mayiyo akufuna mfuti yake basi. Apa pokha ndimawavulira chipewa agogo. Anati kachipinda kosemedwa ndi rima yotere kangadzaphulikire munthu kumaso, ndipo iwo sanawoloke nyanja kuti adzachititse khungu mayi wa eni. Anaibweza m'bokosi. Tinaimbira munthu wachiwiri uja, koma yake inali itatengedwa kale ndi ena.

Kenako tinaimbira Gary. Tsiku limenelo ndinakana kupereka moni. Ndinamuuza kuti rima yafika yobenthuka. Anati inachoka kwa iye ili bwinobwino, mwina nkhalamba yanuyo ndi imene yaigwetsa.

"Akuti chiyani mnzanga?" agogo anafunsa.

"Akuti mwaigwetsa ndinu! Akuti ndinu nkhalamba! Agogo, pliz, ndiloleni ndimuuze zoona. Ndi wabodza, ndi wakuba, watiwonongera ntchito!"

Agogo anailoza foni ija ndi chala. Ndinkaganiza kuti lero ndi lero, mkango wadzuka. Ndinali nditakonza kale mawu onse achingerezi omwe ndinatola pabwalo la sukulu.

"Umuuze kuti tamva," anatero. "Ika foni. Ameneyu ndimuonetsa."

Ndipo anamuonetsadi. Anatsuka rima yobenthukayo mano onse, anaipaka oyilo, anaikulunga m'kansalu. Kajumbo ka mtedza kanali pathebulo, kokonzedwa kale. Anakanyamula, anakayang'ana, n'kukabweza m'thumba la ovololo. Anamata bokosi lija ndi tepi mwamphamvu ngati akumenya munthu mbama.

"Akatsegula apeza mulibe kanthu," anatero, maso ali psuu. "Sagona ameneyo."

Ndinalira, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma ukali wosowa pothira. Chilango chonse cha munthu amene watiphera ntchito chinali kumumana mtedza! Panjira yopita kokwerera basi ndinayenda patsogolo osawalankhula, iwo akunditsatira ndi ambulera, akundisereula kuti ine mkazi wawo ndakwiya, andigulira chipisi.

Mayi wa nkhosa anabwera kudzatenga paipi yake tsiku lotsatira. Sanakalipe. Anangoti tikanamuuza poyamba akanapita kwina nkhosa zake zisanathe. Agogo anamuperekeza mpaka pa galimoto, chipewa chili m'manja. Mwezi usanathe a Len anachita zomwe ananena. Anawagwira chanza agogo, anawathokoza, n'kuphimba makina aja ndi lona.

Agogo anabwerera koyang'ana mpanda kuja. Ovololo ankaisitabe, koma ankaivala pokanola mipeni ndi masizasi a amayi a kutchalitchi, kuseri kwa nyumba, pa mwala. Ndikafika kuchokera kusukulu, ndisanavule n'chikwama chomwe, ankafunsa ngati mnzawo waimba kudzapepesa. Ndinkawakumbutsa kuti munthuyo nambala yathu ya kunyumba saidziwa. Ankati munthu akafuna kupepesa njira amaipeza. Patapita zaka zingapo anati kuzizira kwa kuno kwawakwana, n'kubwerera ku Kasungu.

Lero ine ndimagwira ntchito yopezera kampani ina ya migodi makina a lendi, ndipo anzanga amati ndine wouma mtima. Munthu akandinamiza kamodzi ndimamufufuta, sindifunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndimadziwa kumene ndinakutenga kuuma kumeneku, ndipo sindikunyadira. Ndi mawu aja amene ndinaletsedwa kunena pa foni, akutulukabe pang'onopang'ono, kugwera anthu amene sanawalakwire agogo anga.

Ulendo womaliza umene ndinawaona anali atafooka kwambiri, atakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mango, bulangete lili pamiyendo dzuwa likuswa mtengo. Mayina a zidzukulu ankawasokoneza, koma ine anandizindikira. Titapatsana moni, atafunsa za mayi, za bambo ndi za a Len, anandikokera pafupi ndi dzanja lawo lokhakhala lija.

"Nanga mnzanga wa kum'mawa uja? Anaimba?"

Ndikanatha kuwanamiza. Azakhali anga ankandiphethira diso kuti ndingovomera. Koma mabodza okhudza munthu ameneyo ndinali nditanyamula okwanira.

"Sanaimbe, agogo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapambana mlandu, kenako nkhope inagwa.

"Manyazi amugwira," anatero. "Mwina ndinamulanga mopitirira muyeso."